BP siuza munthu, ndipo ambiri "ongogwa" aja mtima unali utatopa kalekale

Maliro ambiri omwe tikupita masiku ano ukafunsa kuti kodi malemuwa amadwala chani, yankho limakhala lomwelomwelo, sanadwale ayi anangogwa. Wina wagwa kubafa, wina kuntchito, wina akuchokera kutchalitchi, wina wadya nsima yake bwinobwino nkukagona koma mmawa osadzuka. Nde timayamba kunong'onezana kuseri kwa siwa kuti apa pali chilipo, munthu wathupi lake chonchija angagwe bwanji, mwina ndi nkhani ya munda uja amalimbirana ndi asuweni awo, kaya mpando wakuntchito. Kwathu amati wamenyedwa hamala. Ine za ufiti sindilimbana ndi munthu, aliyense ali ndi chikhulupiriro chake, koma chomwe chikugwetsa anthu ambiri mwa amenewa nchodziwika, makina ake ochiyezera alipo ngakhale pa helefu senta, ndipo kuyezako sikutha olo mphindi 5.

Bungwe la WHO limati matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi ndi omwe akupha anthu ambiri padziko lonse kuposa nthenda ina iliyonse, mu 2019 mokha anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni, ndipo oposa magawo atatu mwa magawo anayi a imfa zimenezi zinachitika mmaiko osauka ndi ongotukuka kumene ngati kwathu kuno. Nde zija timanena kuti BP ndi ya mabwana odya soseji ku Area 10 ndi ku Namiwawa tizisiye. Kafukufuku wa STEPS yemwe unduna wa zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64 kuno ku Malawi, munthu mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera, akumudzi ndi amtauni omwe, ndipo oposa 90 mwa 100 aliwonse a anthu amenewo samadziwa nkomwe kapena sanali pa mankhwala. Tangoganizani mu minibasi mwakwera anthu 15, asanu akuyenda nayo, mwina kondakitala yemwe.

Vuto la BP nloti sipweteka. Anthu timadikira kuti mutu uwawe kapena chizungulire chitigwire nde tidziwe kuti yakwera, koma ambiri samva kalikonse kwa zaka ndi zaka. Mtima uli ngati pampu ya pa mjigo, ukamapopa madzi mmapaipi opanikizika tsiku ndi tsiku, mapeto ake kaya pampuyo itopa kaya paipi ina iphulika. Ukayezedwa amakupatsa manambala awiri, lapamwamba ndi lapansi. Kuzungulira 120/80 ndiye bwino. Ikamapezeka 140/90 kapena kuposa apo, osati tsiku limodzi lokha koma mobwerezabwereza, imeneyo ndi BP yokwera. Ikafika 180/120 kwinaku mutu ukuwawa kwambiri, maso akuchita chidima, pachifuwa pakupweteka kapena mpweya ukubanika, sizodikira mawa zimenezo, nkuchipatala tsiku lomwelo.

Azakhali anga ali pa mankhwala a BP, ndipo ndi iwo andiphunzitsa kuti nkhondo yeniyeni siyopeza matenda ayi koma kumwa mapilitsi. Akamwa mwezi umodzi nkumva bwino amati ndachira mwana wanga, basi botolo lija pawindo. Pakapita masabata miyendo yatupa, mutu waima, tibwererenso kuchipatala anesi akatikalipire tonse. Ndimawauza kuti zakhali, BP yatsikayo yatsika chifukwa cha mankhwalawo, mukasiya ibwerera, iwo amati nanga ndizingomwa moyo wanga wonse ngati ma ARV? Eya, ndi momwemo ndithu, ndipo palibe chamanyazi. Anthu a ma ARV anatiphunzitsa kale kuti munthu utha kumwa piritsi tsiku lililonse nkumalima, kumachita geni, kulera zidzukulu.

Mankhwala omwe amapereka kawirikawiri mzipatala zathu ndi HCT, amlodipine, nifedipine, enalapril, pena atenolol. Aliwonse ali ndi tizovuta take. HCT amakodzetsa nchifukwa chake amati muzimwa mmawa, amlodipine ena amawatupitsa mapazi, enalapril ena amawapatsa kachifuwa kouma kosatha ndipo mayi woyembekezera sayenera kumwa. Azibambo ambiri amasiya mwakachetechete ati akuchepetsa mphamvu za kuchipinda, sanena kwa adokotala, amangosiya. Achimwene, kanene, mitundu ya mankhwala ilipo yambiri akusinthirani, komanso dziwani kuti BP yosasamalidwayo payokha imaononga mitsempha ya kumeneko. Zoti pena ukapita umapeza mankhwala atha akuti kagule ku famase, zimenezo nzoona zimachitika ndipo zimawawa pamene ndalama ya thiransipoti unachita kukongola, koma olo zitero kugula a masabata awiri kuli bwino kusiyana ndi kungokhala.

Nde pali awa a pa WhatsApp ndi a mmabasi ogulitsa zitsamba, ati adyo ndi mandimu ndi jinja zimachotsa BP mmasiku 7, ena ati tiyi wakuti amatsuka mitsempha. Adyo idyani mundiwo palibe akukuletsani, koma musataye mapilitsi chifukwa cha botolo lopanda dzina. China chomwe ambiri sadziwa, timapilitsi ta ululu timagula pa okala tija, brufen, diclofenac, indosidi, tikamamwa pafupipafupi timakweza BP, timaononga impso ndipo kwa munthu wa mtima wofooka timamuonjezera madzi mthupi. Agogo ambiri a nyamakazi amangomeza timeneti ngati mtedza.

Tsopano matenda a mtimawo sali amodzi, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa chifukwa chochita chake chimasiyananso.

Pali pamene mtsempha wodyetsa mtima weniweniwo watsekeka, mafuta anaunjikana mkati mwake kwa zaka kenako magazi aundana pomwepo, mbali ina ya mtima yayamba kufa. Munthu amamva kulemera kapena kufinya pakati pa chifuwa, ululu wake utha kupita kudzanja makamaka lamanzere, kukhosi, kunsagwada olo kumsana, thukuta lozizira lili chuchuchu, mseru, mpweya kuchepa. Zikapitirira mphindi zingapo osasiya olo munthu wakhala pansi, musamati ndi mpweya wa mmimba kapena chilungulira. Apa mpomwe ambiri timanamizika, timathamangira soda kapena magnesium kumati ndi maalusa. Azimayi, okalamba ndi anthu a shuga nthawi zambiri samva ululu waukulu uja, amangofooka modabwitsa, kubanika, kusanza, kupweteka chapamwamba pa mimba, basi. Chochita: mkhazikeni pansi atatsamira, asayendeyende, mmasuleni zothina, pezani galimoto msanga. Ngati pali aspirin ndipo munthuyo samuwenga, alibe zilonda za mmimba zotaya magazi, atafune wa 300 mg, kutafuna osati kungomeza. Asayendetse yekha galimoto, ndipo musayambe mwadikira kuti abambo akunyumba abwere kaye kuchokera kuntchito adzapange chiganizo.

Pali kufooka kwa mtima, uku nde kumabwera pang'onopang'ono. Mtima ukugunda ndithu koma ukulephera kupopa mokwanira, madzi amayamba kudzadza mthupi. Mapazi kutupa moti ukadina ndi chala pamatsala dzenje, nsapato kuthina, kamtunda komwe umakwera ukuimba pano ukupumira kawiri, usiku kulephera kugona chagada mpaka kusanjikiza mapilo kapena kugona chokhala pampando, kudzidzimuka pakati pausiku mpweya utathawa, kachifuwa kosatha. Ambiri amayamba ayezedwa TB kangapo, ena amati walodzedwa waponda mankhwala poti miyendo yatupa, amakatemera mphini miyendo yomwe ili kale ndi madzi, zilonda zake osapola. Kuchipatala amapereka lasix wochotsa madzi ndi mankhwala ena othandiza mtima, ndipo munthu amapepukidwa ndithu, bola mchere achepetse kwambiri.

Sitiroko ndiye hamala ija. Iyi imachitika mu ubongo, mtsempha watsekeka kapena waphulika, ndipo choyambitsa chachikulu ndi BP yomweyi. Zizindikiro zake sizivuta: kamwa yapotokera mbali imodzi, muuzeni amwetulire muona, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka, muuzeni akweze manja onse awiri limodzi ligwa, mawu akutuluka ngati woledzera kapena sakumva zomwe mukunena, pena diso kusaona mwadzidzidzi, pena mutu kuwawa koopsa komwe sanamvepo. Onani nthawi yomwe zayamba chifukwa adokotala akafunsa. Apa aspirin ayi, chifukwa ngati mtsempha waphulika muonjezera kutaya magazi, ndipo kusiyanitsa kwake nkofuna sikani ya mutu. Musamumwetse madzi, phala, Fanta, olo mapilitsi ake a BP, anthu a sitiroko ambiri amalephera kumeza nde zimalowera kumapapo nkuyambitsa chibayo. Uthenga uja umazungulira woti mubooleni nsonga za zala ndi singano magazi atuluke ndi bodza lamkunkhuniza, mungotaya nthawi. Ndipo pali kasitiroko kena kamabwera mphindi zochepa nkutha kokha, munthu nkumaseka kuti ndinangochita dzanzi. Limenelo ndi chenjezo, yaikulu itha kubwera mmasiku ochepa, pitani.

Matendawa saona nkhope. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anagwa ku State House ku Lilongwe pa 5 April 2012, mtima unaima, ali ndi zaka 78. Ku Zambia a Levy Mwanawasa anagwidwa sitiroko ali kumsonkhano wa African Union ku Sharm el-Sheikh ku Egypt mu June 2008, nkukamwalira ku France mu August chaka chomwecho ali ndi zaka 59 zokha, ndipo anali atadwalapo sitiroko ina yaing'ono mu 2006. Awa ndi anthu oti dokotala amayenda naye.

Koma nthenda yomwe imandiwawa kwambiri ine ndi ya ana, chifukwa imayamba ndi kanthu kopepuka kwambiri, zilonda zapakhosi. Mwana wa zaka 5 mpaka 15 wadwala pakhosi, thupi latentha, akulephera kumeza, ife timati ndi chimfine, panado basi, kapena timuyeze malungo, alibe, bwererani kunyumba. Zina mwa zilonda zimenezi zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa strep, ndipo akapanda kuphedwa ndi penisilini, pakatha masabata awiri kapena atatu chitetezo cha mthupi chimasokonezeka nkuyamba kulimbana ndi thupi lomwe, mfundo za mmiyendo ndi mmanja kutupa ndi kupweteka mosinthanasinthana, lero bondo mawa chigongono, ana ena manja kumangogwedezeka okha mpaka aphunzitsi kumati ndi mwano. Zikamabwerezabwereza zimaononga ma valuvu a mtima, tizitseko tija timaonetsetsa kuti magazi akupita mbali imodzi. Mwana uja amadzafika zaka 18 kapena 25 mtima utatupa, mtsikana amadzadziwika ali ndi mimba yoyamba pamene mtima walephera kunyamula katundu wa anthu awiri. Kafukufuku wina yemwe anayeza mitima ya ana mu Lilongwe ndi makina ounika mkati mwa mtima otchedwa eko, yemwe anatuluka mu 2016, anapeza kuti ana opitirira 3 mwa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro za nthendayi asakudziwa. Ku Ulaya inachepa kwambiri kalekale, kuno ikadali chifukwa cha kuthithikana mnyumba ndi mmakalasi komanso kusowa chithandizo msanga. Valuvu ikaonongekeratu pamafunika opaleshoni yomwe ambiri amachita kutumizidwa kunja monga ku India, mndandanda wake wautali, pomwe kupewa kwake ndi jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin kapena mapilitsi a masiku 10. Mwana yemwe wapezeka nayo kale amabayitsa jakisoni ameneyu mwezi uliwonse kwa zaka zambiri, amawawa inde, ana amalira, koma makolo musadumphitse olo mwezi umodzi. Ku Neno a Abwenzi Pa Za Umoyo pamodzi ndi boma anayambitsa makiliniki a matenda ngati amenewa pachipatala cha boma pompo kuti anthu asamachite kupita ku Queens kapena ku Central pa chilichonse, ndipo ndondomekoyi yakhala ikufalikira mmaboma ena.

Azimayi oyembekezera inu sikelo musamaithawe, BP ija amakuyezani siyongokwaniritsa mwambo. Mutu kuwawa kwambiri, kuona tinyenyezi, nkhope ndi manja kutupa, kupweteka pansi pa nthiti kumanja, zimenezo zitha kuthera kukomoka ndi kutaya mayi ndi mwana yemwe. Palinso kufooka kwa mtima komwe kumabwera chakumapeto kwa mimba kapena miyezi ingapo mutachira, mayi akungobanika, kutupa, anthu nkumati ndi kutopa kwa uchembere kapena bambo sanadikire nthawi yake. Mutengereni kuchipatala, milandu yakumudziyo mudzakamba bwino.

Za kadyedwe sinditalikitsa poti tonse timadziwa, timangokanika. Mchere ndiye mdani wamkulu, WHO imati munthu asapyole magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zonse. Ife tathira mumphika, tathira soda mu therere, taponyamo kyubu ya supu yomwe ili kale mchere okhaokha, usipa wouma uli ndi wake, kenako mbale isanalawidwe dzanja lili kale pa kambale ka mchere. Kungochotsa kambale kapatebulo kaja mwayamba kale. Tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa mmafuta omwe akhala akuwira kuyambira Lolemba, kanyenya wa mafuta, mang'ina Loweruka lililonse, tiyi wa masupuni anayi a shuga, zakumwa zotsekemera, zonsezi mwa apo ndi apo sizipha koma tsiku ndi tsiku zimaunjikana. Chosangalatsa nchoti zakudya zabwino ku mtima ndi zomwe timazinyoza kuti nzachimidzi, mgaiwa, nyemba, nandolo, nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, mbatata, nthochi, mapeyala, nsomba. Fodya nde palibe zokambirana, wa ndudu, chingambwe, ngakhale wapamphuno ndi wapakamwa womwe agogo aakazi amati ndi mankhwala a mano. Mowa wambiri, makamaka kachasu ndi timabotolo totchipa tija, umakweza BP ndipo umafooketsa mnofu wa mtima weniweniwo. Kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku 5 pa sabata kumakwana mphindi 150 zomwe akatswiri amanena. Wakumudzi wolima ndi kutunga madzi amakwanitsa osadziwa, vuto ndi ife amtauni oti kuchoka pa siteji kufika kunyumba mamita 500 tikwera kabaza. Ndipo mimba yaikulu ija timaitcha chizindikiro cha ndalama, a shuga ndi a BP ambiri amayambira pamenepo.

Chomaliza chomwe ndimafuna aliyense atadziwa ndi chochita munthu akagwa nkusiya kupuma. Okonda mpira mukukumbuka Marc-Vivien Foé wa Cameroon yemwe anagwa pakati pa bwalo ku Lyon mu June 2003 akusewera ndi Colombia nkumwalira, anali ndi nthenda yokhuthalitsa mnofu wa mtima yomwe imayenda mmagazi a pabanja. Mukukumbukanso Christian Eriksen wa Denmark pa 12 June 2021 akusewera ndi Finland ku Copenhagen, anagwa chimodzimodzi, koma anthu anayamba kumupopa pachifuwa nthawi yomweyo nkumuomba ndi makina a magetsi odzutsa mtima, anadzuka, mpaka anadzasewera ku Brentford ndi Manchester United. Fabrice Muamba wa Bolton mu 2012 mtima wake unaima mphindi 78 ndipo ali moyo, chifukwa sanasiye kumupopa.

Kwathu kuno munthu akagwa timamuunjirira, wina akumuthira madzi, wina akumupepesa ndi chitenje, wina wabwera ndi anyezi pamphuno, wina supuni mkamwa, wina akujambula pafoni, azimayi ayamba kale kulira. Chitani izi mmalo mwake. Mugwedezeni paphewa nkumuitana mokweza. Ngati sakuyankha yang'anani chifuwa ngati chikukwera ndi kutsika, masekondi 10 okha. Ngati akupuma bwino mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe. Ngati sakupuma, kapena akungokoka mpweya mwa apo ndi apo ngati kuliza mkonono, kumeneko sikupuma, mtima waima. Lozani munthu mmodzi, mutchuleni dzina, inu pezani galimoto, chifukwa mukangokuwa kuti wina athandize aliyense amayang'ana mnzake. Mgonekeni chagada pamalo olimba, pansi osati pamatiresi, gwadani pambali pake, ikani chikhatho pakati pa chifuwa dzanja lina pamwamba, zigongono zowongoka, nkumadina mwamphamvu kulowa masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, ndiye kuti pafupifupi kawiri pa sekondi, mukulola chifuwa kubwerera mmwamba nthawi iliyonse. Ngati za mpweya wapakamwa simunaphunzire kapena mukuopa, manja okhawo akwanira kwa munthu wamkulu. Nthiti itha kuthyoka, musaleke, nthiti imapola koma ubongo ukakhala mphindi zochepa chabe opanda magazi umayamba kufa. Mukatopa sinthanani osapumira, ndipo ngati mwamukweza kumbuyo kwa pikapu wina apitirize momwemo mpaka pachipatala.

Ndinene chilungamo, kupopa pachifuwa kokha nthawi zambiri sikudzutsa mtima, kumangosunga ubongo kuti makina aja akafike, ndipo makina amenewo kuno ndi osowa, mmabwalo a mpira, mmasukulu ndi mmaofesi ambiri mulibe. Ambulansi nayo mukudziwa mmene zimakhalira. Nchifukwa chake kwa ife kuno kudalira kuti tidzathamanga tsiku la ngozi ndi juga, mwayi wathu waukulu uli pa kuyezetsa zisanafike pamenepo. Ngati pakhomo pali wa BP, wa shuga kapena wa mtima, nambala ya neba wagalimoto kapena wa kabaza wanjinga yamoto ikhale mufoni ya aliyense ngakhale ana, buku lakuchipatala ndi mapilitsi zikhale malo amodzi odziwika osati pansi pa sutikesi yomwe kiyi wake ali ndi mayi okha. Pa mafunso wamba a zaumoyo pali Chipatala cha pa Foni, koma munthu akagwa kapena kamwa ikapotoka musataye nthawi ndi foni yofunsa malangizo, nyamukani. Makina a BP a mabatire amapezeka mma famase, mabanja angapo kapena gulu la banki mkhonde mutha kusonkherana nkugula amodzi, kumayezana pa tsiku la msonkhano munthu atakhala phee mphindi 5, dzanja litatsamira patebulo, nkumalemba manambalawo mukope kuti wopita kuchipatala azikawaonetsa adokotala.